Cheyo: Chitsamba cha pa Matanthwe a Mulanje

Munthu akaima pa Boma la Phalombe nakweza maso, amaona mapiri awiri, Michesi ndi Mulanje, ndipo pakati pake pali mpata wa Fort Lister. M'mapirimo muli matanthwe otsetsereka amene poyang'ana patali amaoneka ngati opanda chomera chilichonse. Koma wokwerako amapeza kuti m'ming'alu ndi m'timaenje ta thanthwe muli chitsamba chimene chagwira zolimba. Dzina lake ndi cheyo. Ana ambiri amachidziwa chili chodula kale, pamene amayi akukwechera miphika, koma ndi owerengeka amene anachionapo chili chamoyo. Nchifukwa chake mphunzitsi ayenera kuchidziwa bwino, pakuti m'kachidutswa ka cheyo muli phunziro lathunthu la zomera.

Dzina lakuti cheyo limatchulidwa pa mitundu ingapo ya zitsamba zapachibale. Mtundu wotchuka wa pa Mulanje akatswiri a zomera amautcha Xerophyta splendens. Mawu oyambawo ndi a Chigiriki, ndipo amatanthauza chomera cha pouma. Achiwiriwo ndi a Chilatini, otanthauza chinthu chowala ndi chokongola. M'chaka cha 1891 Alexander Whyte anakwera phirili natola zomera zambiri zimene zinatumizidwa ku London. Kumeneko Alfred Rendle anazifotokoza m'chaka cha 1894, ndipo mwa izo munali mkungudza wa Mulanje ndi cheyo chimenechi. Iye anachitcha Vellozia splendens, dzina limene likupezekabe m'mabuku akale, koma pambuyo pake akatswiri anachisamutsira m'gulu la Xerophyta.

Thunthu la cheyo ndilo lodabwitsa koposa. Lilibe khungwa monga la mtengo wa mango, ndiponso mkati mwake mulibe mtengo woti nkupala. Tsinde lenileni ndi laling'ono, lobisika pakati. Tsamba likakalamba limathothoka, koma khosi lake limatsala litakulunga tsindelo, ndipo chaka ndi chaka zotsalazi zimasanjikizana mpaka kupanga chofunda chochindikala cha ulusi wolimba. Mizu nayo siyambira pansi pokha ayi. Imatuluka m'mwamba m'tsinde, nitsika mobisika m'kati mwa chofundacho kufikira itagwira thanthwe. Tsono mvula ikawaza, kapena nkhungu ya chiperoni ikakuta phiri, chofundachi chimamwa madzi ndi kuwasungira mizu. Lupsa likadutsa, kunja kwa thunthu kumada bii, koma kawirikawiri moyo wa mkati umapulumuka.

Nthambi zake zimagawika ziwiriziwiri ngati mphanda, ndipo masamba amamera mwa mpukutu kunsonga kokha. Masambawo ndi aatali, owonda ndi olimba, ndipo mitsempha yake imayenda mondondozana kuchokera kukhosi kufikira kunsonga, monga zikhalira pa tsamba la chimanga, la bango ndi la nsungwi. Ichi ndi chizindikiro chakuti cheyo chili m'chigawo chimodzi chachikulu ndi zomera zimenezi, ngakhale maimidwe ake ndi a kamtengo. Zitsamba zambiri zimalekeza m'chiuno mwa munthu, koma zokalamba zimatha kumpitirira msinkhu.

M'chilimwe masamba amafota, nataya kubiriwira kwake, kotero kuti mlendo angalumbire kuti chitsambacho chinafa. Koma mvula yoyamba ikangogwa, masamba omwewo amatambasuka, ndipo pakapita masiku owerengeka amabiriwiranso. Tsamba la chimanga likauma chomwecho ndiye kuti lapitiratu. Zomera zokhala ndi mphamvu yotere nzochepa pa dziko lapansi, ndipo akatswiri a pa yunivesite ya Cape Town akhala akufufuza abale a cheyo pofuna kudziwa ngati nzeru yake ingathandize mbewu za m'munda pa nthawi ya chilala.

Maluwa amatuluka pa nyengo ya mvula zoyamba. Duwa la mtundu wa pa Mulanje ndi lalikulu ndi loyera mbee. Lili ndi timasamba 6 totambasuka ngati nyenyezi, ndi timitu tonyamula mungu wachikasu. Pansi pa duwa pali kathumba kamene kamakhwima nkusanduka chipatso chouma, chodzaza ndi timbewu tating'onoting'ono. Mwa timbewu tonseto, tokhato togwera mu mng'alu wachinyontho ndito timamera.

Kwawo kwenikweni kwa mtundu umenewu ndi m'mwamba mwa phiri la Mulanje, limene nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Abale ake, amene ambiri maluwa awo ndi ofiirira motuwa, amapezeka pa mapiri a miyala m'Malawi muno, ku Mozambique, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa, ngakhalenso pa chilumba cha Madagascar ndi ku Arabia. Kutsidya kwa nyanja ya Atlantic, makamaka ku Brazil, kuli gulu la Vellozia lija, limene ndi la banja lomweli. Konseko chikhalidwe chawo nchimodzi: amasankha pouma ndi pamwala, pamene zomera zina zimalephera.

Pa thanthwe lopanda kanthu cheyo ndicho chimayamba mudzi. Mizu yake imalukana ngati mphasa, nigwira fumbi, mchenga ndi masamba ovunda, ndipo pang'onopang'ono pamakhala dothi. M'dothimo mumamera udzu ndi zomera zina, ndipo maluwa ena aang'ono amamera pa thunthu lake penipeni. Chitsamba chikazulidwa, mphasa ija imasendeka ndi mvula, ndipo thanthwe limabwerera kukhala lambee.

Apa ndipo pali vuto. Ulusi umene umasunga moyo wa cheyo ndi womwewo umene anthu amaufuna. Amadula thunthu m'zidutswa, nasinja nsonga yake kuti ulusi umwazike, ndipo chimenecho chimakhala chokwechera kapena tsache lolimba. Wodulayo sachita mwa nkhanza. Amafuna ndalama ya mchere ndi sopo. Komabe cheyo chimakula pang'onopang'ono zedi, ndipo thunthu limene chikwanje chimagwetsa m'kamphindi linatenga zaka zambirimbiri kuti lifike pamenepo. Nkhalango ya phirili inaikidwa m'manja mwa Boma m'chaka cha 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linalemba Mulanje m'kaundula wa malo a chuma cha dziko lonse. Koma lamulo palokha silingalondere thanthwe lililonse ngati anthu okhala m'tsinde mwa phiri sadziwa mtengo wa chimene akudula.

Mphunzitsi safunika kuzula chitsamba kuti aphunzitse zimenezi. Apemphe ana abwere ndi cheyo chotha ntchito cha kunyumba, achidule mopingasa, ndipo ana aone okha tsinde la pakati, mizu yolizinga ndi chofunda cha kunja. Kenaka aimike chidutswacho m'mbale ya madzi pang'ono, aone mmene chikuwamwera. Pomaliza afunse anawo kuti akafunse agogo awo kumene cheyo chinkadulidwa kale, ndi kumene odula amachipeza lero, ndipo mayankhowo alembedwe pa bolodi m'Chichewa ndi m'Chilomwe.