Kambalame kodzitchula kokha dzina

M'nkhalango za kum'mawa kwa United States ndi kumwera kwa Canada, dzuwa likafika paliwombo m'mwezi wa Julayi, mbalame zambiri zimangoti zii. Kotsala kakulira ndi kambalame kena kotuwa, kotalika masentimita pafupifupi 15, kolemera magalamu 14 okha. Kamluzu kake n'kokoka, kachisoni ngati ka mwana wosiyidwa yekha pakhomo: pii-a-wii. Anthu a kumeneko sanavutike ndi kufunafuna dzina. Analemba zimene khutu linamva, pewee, n'kuikako mawu oti wood kutsogolo posonyeza kuti kwawo n'kumitengo. Amene anamvapo nkhwali ikulira kumunda m'mamawa sangadabwe ndi katchulidwe kotere.

Kadyedwe kake n'ka ulesi wanzeru. Kamatera pa nthambi youma, n'kungoti phee. Ntchentche, mavu kapena njenjete ikadutsa, kamanyamuka, kuiwakha m'malere, n'kubwerera pa nthambi yomwe ija. Tsiku lonse ntchito ndi yomweyo. N'chifukwa chake mu 1766 Carl Linnaeus anakatcha Muscicapa virens, mawu a Chilatini otanthauza chogwira ntchentche chobiriwira. Patsogolo pake akatswiri anakasamutsira m'gulu la Contopus, lomwe m'Chigiriki ndi wamapazi aafupi. Banja lake lonse, la Tyrannidae, lili ndi mitundu yoposa 400, ndipo yonse kwawo ndi ku America.

Sindikunyoza ophunzira, koma mayina awiri onsewa sathandiza munthu amene waima pansi pa mtengo. Kubiriwirako n'kochita kufufuza, ndipo mapazi a kambalame kali kunsonga awaona ndani? Dzina la anthu wamba lija ndilo linalasa, ndipo chifukwa chake chinadzadziwika mochedwa.

Kumadzulo kwa United States ndi Canada kuli pewee wina, Contopus sordidulus. Mukawaika pamodzi awiriwa, ngakhale katswiri amakanda m'mutu: msinkhu umodzi, kutuwa kumodzi, timizere tiwiri totumbuluka pa phiko. Amasiyana akatsegula mlomo. Wakumadzulo kulira kwake n'kwa mawu osasa, otsikira pansi, opanda kamluzu kosalala ka mnzake.

Abale awo ena anasokoneza asayansi kwa zaka zambiri. Mpaka 1973 mbalame zotchedwa alder flycatcher ndi willow flycatcher zinkawerengedwa ngati mtundu umodzi. Zinalekanitsidwa zitaoneka kuti zili ndi nyimbo ziwiri zosiyana, ndipo yoimba ina siimba inayo.

Apa m'pamene panabwera Donald Kroodsma wa ku yunivesite ya Massachusetts. M'zaka za m'ma 1980 anatenga anapiye a mitundu iwiriyi m'zisa akadali aang'ono, n'kuwalera m'nyumba, n'kumawaikira nyimbo ya mtundu winawo. Mbalame zambiri zoimba, zikaleredwa motero, zimatola zimene zamva kapena kuimba zosamveka mutu, chifukwa nyimbo zimaphunzira kwa akuluakulu monga mwana aphunzirira chilankhulo. Anapiye a Kroodsma sanatengere. Atakula, aliyense anaimba nyimbo ya makolo ake bwinobwino. Mu 1991 iye ndi Masakazu Konishi anapitirira pamenepo: anagonthetsa anapiye a phoebe, mbalame ina ya banja lomweli imene dzina lake nalonso n'kulira kwake, asanayambe kuimba. Ntchito yake ndi yomvetsa chisoni, koma yankho linali losakayikitsa. Ogonthawo anaimbabe molondola, osadzimva n'komwe.

Ndiye kuti m'mbalame zimenezi nyimbo ndi chibadwa, monga mtundu wa nthenga. Sisintha kwenikweni dera ndi dera. Munthu amene anatchula kambalameka potsanzira kulira kwake anagwira chizindikiro chodalirika kuposa chilichonse chimene maso angaone pa thupi pake.

Vuto limabwera kakasiya kulira. Pofika Seputembala ndi Okutobala, kakatha kulera ana m'kachisa kake komata ndi ndere, kooneka ngati mfundo ya nthambi, kamanyamuka ulendo wa ku South America, ku Colombia, Ecuador ndi Peru. Wakumadzulo uja nayenso amalowera komweko. Owerenga mbalame akakumana ndi kamodzi kali duu pa nthambi, amadikira kuti kalire. Kakapanda kulira, m'kabuku amangolemba kuti pewee, osatchula kuti n'ka kum'mawa kapena ka kumadzulo.