Kuwerenga Cizindikiro ca Kunsi kwa Mbale Zakale za ku Germany

Abale, mbale yoyera yadothi ikafika m'manja mwathu, timathamangira kuona maluwa a pamwamba. Koma odziwa amayamba aitembenuza. Kunsi kwace ndiko kumene oumba anasiya cizindikiro cao, ndipo kanthu kakang'onoko ndiko kamatiuza kumene mbale inacokera ndi zaka zace.

Mbale zimenezi, zochedwa porcelain, amaziumba ndi dothi loyera la kaolin, naziocha pa moto waukali mpaka zimalira ngati belu tikazigogoda. Kale anthu a ku Ulaya ankazigula ku China. Mu 1708 Johann Friedrich Böttger ndi Ehrenfried von Tschirnhaus anatulukira kaumbidwe kace ku Dresden, ndipo mu 1710 Augustus, wolamulira Saxony, anatsegula fakitale ku Meissen. Cinsinsico sicinacedwe kuululika. Ndiye kuyambira mu 1722 a Meissen anayamba kulemba malupanga awiri opingasana pa mbale zao, cizindikiro cotengedwa pa cikopa ca wolamulirayo.

Malupangawa amawalemba pamanja ndi utoto wa buluu, kenaka amakuta mbale yonse ndi mankhwala amene amasanduka galasi pa moto. Conco cizindikiro cimakhala mkati mwa galasilo. Tikasisita ndi cala tizimva kusalala. Ngati utoto uli pamwamba, woti n'kupalika ndi cikhadabo, ticenjere.

Tsopano tiyang'anitsitse, pakuti kadontho kamodzi kamasintha zaka. Kadontho pakati pa zigwiriro za malupanga kamasonyeza 1763 mpaka 1774. Kanyenyezi pa zigwirirozo ndi 1774 mpaka 1814, nthawi ya Marcolini. Koma kadontho kakakhala pamwamba, pakati pa nsonga, imeneyo ndi mbale ya 1924 mpaka 1934. Mwaona? Kadontho komweko, malo osiyana, ndipo pakati pace pali zaka 150. Mizere yocekedwa modutsa malupanga kawirikawiri imatanthauza kuti fakitale yokha inapeza cirema pa mbaleyo, niitsitsa mtengo.

Mafakitale ena ali ndi zao. Ya ku Berlin, imene mfumu Frederick II anagula mu 1763, imalemba ndodo yacifumu ya buluu. Ya Fürstenberg, yoyamba mu 1747, imalemba cirembo F. Ya Nymphenburg, ku Munich, imadinda kacikopa ka dziko la Bavaria m'dothi lisanaume.

Mau olembedwa amathandizanso. Mau akuti "Made in Germany" anayamba ndi lamulo la ku Britain la 1887, lofuna kuti katundu wakunja asonyeze kumene wacokera. Tsono wogulitsa akatiuza kuti mbale ya mau amenewa ndi ya m'ma 1700, akutinamiza. Yolembedwa "West Germany" ndi ya pakati pa 1949 ndi 1990 basi.

Komabe cizindikiro cokha si umboni wokwanira. Oumba ena ku England ndi ku France anakopera malupanga a Meissen pa mbale zao. Mlandu suweruzidwa ndi mboni imodzi: tionenso kuyera kwa dothi, luso la maluwa, ndiponso ngati kuwala kukupyola tikaloza mbaleyo kudzuwa. Tisanagule kapena kugulitsa, tijambule cizindikiroco pa pepala monga momwe ciriri, osaiwala kadontho, tikaonetse munthu wodziwa.