Ziphaso za Mabanja Olera Ana ndi Nkhani Yolekanitsa Apachibale ku America

M'dziko la United States, boma likachotsa mwana m'manja mwa makolo ake chifukwa cha nkhanza, kusasamalidwa kapena kumwerekera kwa makolowo ndi mankhwala ozunguza bongo, mwanayo amaperekedwa ku banja lina loti limulere kwa kanthawi, kufikira khoti litagamula zoti abwerere kwawo kapena apezeredwe banja lokhazikika. Kwa zaka zambiri chiwerengero cha ana oterewa chinali pafupifupi 400,000, ndipo ambiri mwa iwo sachotsedwa okha, popeza tsoka logwera nyumba limagwera ana onse a m'nyumbamo. Kawirikawiri banja lolera liyenera kukhala ndi chiphaso, chomwe ndi chilolezo cholembedwa chosonyeza kuti nyumbayo yayenderedwa, mbiri ya akuluakulu okhalamo yafufuzidwa, ndipo chiwerengero cha ana amene angalandiridwe chakhazikitsidwa. Mabungwe amene amapeza mabanjawa, kuwaphunzitsa ndi kuwayang'anira nawonso amagwira ntchito ndi chiphaso chochokera ku boma la chigawo chawo, pakuti dzikoli lili ndi zigawo 50 ndipo chilichonse chimalemba malamulo akeake.

Kulekanitsa ana a bere limodzi si kwachilendo kumeneko. Kuyambira mu 1854 mpaka 1929, ana osauka pafupifupi 200,000 a m'mizinda ya kum'mawa anatumizidwa pa sitima zapamtunda kwa alimi a m'zigawo zapakati pa dzikolo, ntchito imene anaiyambitsa ndi Charles Loring Brace wa bungwe la Children's Aid Society ku New York. Anawo ankaimikidwa pamaso pa anthu kuti aliyense asankhe amene wamufuna, choncho mlimi ankatha kutenga mnyamata wamphamvu zolimira, mlongo wake wamng'ono n'kupitirira ndi sitima kupita kutauni ina.

Lamulo la boma lalikulu lonena mwachindunji za nkhaniyi linabwera mochedwa, mu 2008, pamene Pulezidenti George W. Bush anasaina lamulo lotchedwa Fostering Connections to Success and Increasing Adoptions Act. Lamuloli limati chigawo chilichonse chimene chikufuna ndalama za boma lalikulu zolerera ana chiyesetse mokwanira kuika apachibale m'nyumba imodzi, pokhapokha ngati kutero kungaike mmodzi wa iwo pachiswe, ndipo akalekanitsidwa apatsidwe mwayi woonana kapena kulankhulana pafupipafupi. Kufooka kwake n'kwakuti silitchula kuti kuyesetsa kokwanira n'kochuluka bwanji, motero bungwe limene laimbira foni mabanja atatu ndi limene laimbira mabanja makumi atatu onse angathe kulemba m'buku kuti anayesetsa.

Nkhani yeniyeni imagona m'malamulo a ziphaso, amene kawirikawiri analembedwa pofuna kuteteza ana koma amathera powabalalitsa. Ana anayi akachotsedwa pakhomo usiku, wogwira ntchito yosamalira ana amayang'ana mndandanda wa mabanja ndipo amapeza kuti banja lina chiphaso chake chimalola ana awiri okha, lina latsala ndi bedi limodzi, ndipo lina linavomera kulandira makanda basi. M'zigawo zambiri mwana aliyense ayenera kukhala ndi bedi lakelake, kukula kwa chipinda kumayezedwa, ndipo mnyamata ndi mtsikana amene apitirira zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi saloledwa kugona chipinda chimodzi, ngakhale atakhala munthu ndi mlongo wake. Kukacha anawo amakhala ali m'nyumba ziwiri kapena zitatu, zovala zawo zili m'matumba apulasitiki, ndipo zimene zinkaoneka ngati za usiku umodzi zimasanduka za zaka, chifukwa pakapita miyezi anthu amayamba kunena kuti mwana wazolowera kumene ali ndipo kumusuntha kungamupwetekenso.

Lamulo la mu 2018 lotchedwa Family First Prevention Services Act linakhudza mfundo imeneyi. Linanena kuti nyumba imodzi isalere ana oposa asanu ndi mmodzi, koma linalola zigawo kupyola malirewo pa zifukwa zinayi, chimodzi mwa izo chili chofuna kuti apachibale akhale pamodzi. Ku England kunali kale dongosolo lofanana nalo, pakuti lamulo la Children Act la mu 1989 limaika malire a ana atatu pa banja lolera, koma malirewo sagwira ntchito ngati ana onsewo ndi apachibale. Kusintha kwina kofunika kunachitika mu 2023, pamene boma lalikulu la United States linalola zigawo kulemba malamulo apadera a ziphaso za achibale olera ana. Agogo kapena azakhali ndiwo amavomera msanga kutenga ana onse, komanso ndiwo ankalephera kupeza chiphaso chifukwa cha kuchepa kwa zipinda, ndipo popanda chiphaso salandira ndalama zofanana ndi zimene mlendo amalandira.

Zifukwa zina zolekanitsira ana n'zomveka, makamaka pamene mwana wamkulu wachitira mng'ono wake nkhanza. Koma chifukwa china chimene chimapezeka m'mabuku a mabungwe n'chokayikitsa: mtsikana amene wakhala akuphikira ndi kusambitsa ang'ono ake nthawi imene makolo analephera amaonedwa ngati wosenza katundu wosayenera msinkhu wake, ndiye amachotsedwa kuti akapume. Katunduyo ndi wolemeradi, koma njira yomupeputsira ndi kuika munthu wamkulu woti asenze, pamene kumuchotsa kumangomuwonjezera nkhawa yosadziwa ngati mng'ono wake wadya. Palinso funso loti m'bale ndani, popeza ana ena ndi a mayi mmodzi koma abambo osiyana, ndipo ena amabadwa akulu awo atatengedwa kale. N'chifukwa chake lamulo lina la boma lalikulu la mu 2014 linawonjezera kuti mwana akachotsedwa, makolo amene akusunga m'bale wake mwalamulo adziwitsidwe pasanathe masiku 30.

Chilolezo chopyola malire sichimanga chipinda, ndiponso sichigula galimoto yokwana ana asanu. Mabungwe ambiri amalipidwa potengera chiwerengero cha ana ndi masiku amene awasunga, kotero bedi losiyidwa lopanda munthu poyembekezera apachibale limawerengedwa ngati ndalama yotayika, ndipo nyumba zazikulu zimadzazidwa ndi ana obwera mmodzimmodzi. Bungwe la Neighbor to Family, limene Gordon Johnson analiyambitsa ku Florida, linayesa kuthana ndi vutoli polemba olera ana ntchito yolipidwa ndi kupatsa nyumba iliyonse gulu limodzi lokha la apachibale. Njira imeneyi imadya ndalama zambiri poyamba, ndipo imatheka pokhapokha ngati boma la chigawo lavomera kulipirira nyumba yonse m'malo mowerengera mwana mmodzimmodzi.