Za Pulasitiki Wosungunuka ndi Timaunyolo Take

Mphunzitsi ayenera kudziwa chiyambi cha zinthu zimene ana ake amaziona tsiku ndi tsiku. Jumbo yonyamulira matimati pamsika wa ku Old Town, mpando wapulasitiki muofesi ku City Centre ndi mipope ya madzi m'nyumba za ku Area 10, zonsezi poyamba zidali phala lotentha m'makina.

Tsono phala limeneli siliyenda monga madzi. M'chaka cha 1920, Hermann Staudinger wa ku Germany adaphunzitsa kuti zinthu zotere zipangidwa ndi timaunyolo tatitalitali tosaoneka ndi maso. Pulasitiki akasungunuka, timaunyoloti sitiduka ai. Tingomasuka, koma tikhalabe topiringizana ngati ulusi wosokonezeka. Mu 1971, Pierre-Gilles de Gennes wa ku France adalongosola kuti kaunyolo kalikonse kayenda mokwawa pakati pa tinzake, monga njoka muudzu. Motero timaunyolo tikatalika, phala lilimba ndipo liyenda mochedwa.

Taonani zodabwitsa ziwiri. Choyamba, phalali likakankhidwa mofulumira, timaunyolo tiwongoka ndi kulunjika mbali imodzi, ndipo liyenda mosavuta. Chachiwiri, likatuluka pakabowo ka makina litupa, pakuti timaunyolo tibwerera m'kupindika kwake. Kupiringizana komweku ndiko kuchititsa kuti mpweya ufufumitse phala mpaka lipyapyale ngati jumbo, osang'ambika.

Tayala la galimoto lisiyana. Mu 1844, Charles Goodyear adalembetsa njira yophikira mphira pamodzi ndi sulufule, amene amanga timaunyolo kuti tikhale ukonde weniweni. N'chifukwa chake tayala silisungunuka, lingopsa.

Timaunyolo ta jumbo sitiola msanga. Majumbo otayidwa atseka ngalande, natsikira mumtsinje wa Lilongwe nthawi ya dzinja. Mu 2015 boma lidaletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60, ndipo mu 2019 Khoti Lalikulu la Apilo lidavomereza lamulolo.

Pophunzitsa zimenezi musatenthe pulasitiki m'kalasi, pakuti utsi wake uwononga chifuwa. Bwerani ndi therere lophika ndi madzi. Viikani mthiko m'zonsezi, nimuutukule pamaso pa ana: madzi angodontha, koma therere litamuka osaduka, chifukwa nalonso lili ndi timaunyolo take. Kenaka afunseni anawo chifukwa chake, ndipo muwapatse nthawi yoganiza.