Mahedifoni a mtengo wofanana ndi malipiro a mwezi: khutu limapindulapo chiyani?

Dera la Al Doha Al Jadeeda ndi limodzi mwa madera akale a pakati pa mzinda wa Doha, ku Qatar, ndipo ambiri okhalamo ndi anthu obwera kudzagwira ntchito kuchokera ku Asia ndi ku Africa. Chiyambireni kuyenda sitima za pansi pa nthaka mu Meyi 2019, siteshoni ya m'derali, yomwe ili pakati pa Msheireb ndi Umm Ghuwailina, imadzaza m'mawa ndi madzulo. M'sitimamo anthu sacheza kwenikweni. Ambiri amakhala atatseka makutu ndi mahedifoni, wina akumvera nyimbo, wina ulaliki, wina akulankhula ndi ana kumudzi pa WhatsApp.

Kwa munthu amene ali kutali ndi kwawo, mahedifoni si chinthu chongodzikongoletsera. Funso ndi lakuti agule a mtengo wanji. Kuyambira mu Malichi 2021, malipiro otsikitsitsa ololedwa ku Qatar ndi mariyali 1,000 pamwezi, kupatula ndalama za nyumba ndi chakudya. Dola imodzi ya ku America imasinthidwa ndi mariyali 3.64. AirPods Pro, omwe kampani ya Apple inatulutsa mu 2019 pa madola 249, ndiye kuti amaposa mariyali 900. AirPods Max, a madola 549, amayandikira mariyali 2,000, kutanthauza miyezi iwiri ya thukuta. Pomwe m'timashopu ta mafoni mumapezeka mahedifoni a mtengo wa chakudya cha masiku ochepa. Kodi kusiyana konseku kumamveka m'khutu?

Mtengo ndi kukoma kwa mawu

Akatswiri a sayansi ya mawu anayesa kale funsoli. Mu 2017, wofufuza Jeroen Breebaart anasindikiza zotsatira za kafukufuku wa mahedifoni 283 m'magazini ya Journal of the Acoustical Society of America. Iye anayang'ana mmene hedifoni iliyonse imatulutsira mawu, kuyambira besi yakuya kufikira timawu tating'ono tokwera, kenaka n'kuyerekeza ndi mtengo wake. Sanapeze mgwirizano weniweni pakati pa ziwirizi. Ena odula ankakuza besi mopyola muyeso, ena otchipa ankatulutsa mawu olongosoka.

Gulu la Sean Olive la ku kampani ya Harman, mwini wake wa JBL ndi AKG, linayesa njira ina. Linapereka kwa anthu 130 mawu a mitundu 31 ya mahedifoni a makampani 18, omverawo osadziwa dzina kapena mtengo. Zomwe anthuwo anakonda zinatsatira kalongosoledwe ka mawu: besi yokwanira, mawu a woimba omveka bwino, timawu tokwera tosabaya m'khutu. Mtengo unali ndi mphamvu yochepa kwambiri pa chisankho chawo.

Izi sizikutanthauza kuti chotchipa chilichonse n'chabwino. Zikungosonyeza kuti munthu akaona dzina lotchuka pa bokosi, maso ndi mtima zimagamula mlandu khutu lisanamve umboni.

Nanga ndalama zowonjezerazo zimapita kuti? Gawo lina limapita ku kutsatsa malonda. Kampani ya Beats, yomwe anayambitsa woimba Dr. Dre ndi Jimmy Iovine, inakula poika mahedifoni ake pamitu ya oimba ndi akatswiri a masewero. Pa mpikisano wa mpira wa padziko lonse wa 2014 ku Brazil, bungwe la FIFA linaletsa osewera kuvala Beats m'mabwalo chifukwa Sony ndiyo inkathandiza mpikisanowo, koma chiletsocho chinangowonjezera kutchuka kwake. Chaka chomwecho Apple inagula Beats pa madola 3 biliyoni. Mosakayika, wogula m'shopu amathandiza kulipira kutchuka kumeneku.

Zomwe zimachitika m'kati mwa khutu

Nkhani yaikulu pa thanzi si dzina la hedifoni ayi, koma kukula kwa mawu ndi kutalika kwa nthawi yomvera. Mawu akalowa m'khutu amagwedeza kanembanemba, kugwedezako kumadutsa pa tifupa titatu ting'onoting'ono n'kukafika m'kachiwalo kopindika komwe muli madzi. M'menemo muli timaselo pafupifupi 16,000 tokhala ndi ticheya, tomwe timasandutsa kugwedezako kukhala uthenga wopita ku ubongo.

Phokoso lalikulu limatopetsa timaseloti. Zili ngati udzu wa padambo: ukapondedwa kamodzi umadzukanso, koma anthu akamadutsapo tsiku ndi tsiku pamasanduka njira ya dothi lokhalokha. Kwa munthu, timaselo tomwe tafa sitimeranso, ndipo pakalipano palibe mankhwala otibwezeretsa. Vuto limayamba mwakachetechete. Munthu amamva kuti wina akulankhula koma mawu ena amamudutsa, makamaka pagulu. Ena amamva kulira kosatha m'makutu, komwe kumakula usiku pogona.

Kukula kwa mawu kumayezedwa mu madesibelo. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, mogwirizana ndi bungwe la za mafoni ndi mauthenga la ITU, linakhazikitsa muyeso: wamkulu asapyole maola 40 pasabata pa madesibelo 80, ndipo mwana akhale pa madesibelo 75. Chodabwitsa n'chakuti mawu akakwera ndi madesibelo atatu okha, mphamvu yake imawirikiza kawiri ndipo nthawi yomvera imadulidwa pakati. Pa madesibelo 90 atsala maola anayi pasabata. Pa 100, atsala mphindi pafupifupi 20, pomwe mahedifoni ambiri, odula ndi otchipa omwe, amatha kufika pamenepo voliyumu ikafika kumapeto.

WHO imati achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo chogontha chifukwa cha kamvedwe kosasamala. Kafukufuku yemwe anatuluka m'magazini ya BMJ Global Health mu 2022 anapeza kuti achinyamata 24 mwa 100 alionse amamvera mawu okwera mopyola muyeso pa mafoni ndi mahedifoni awo.

Pomwe ndalama zimagwira ntchito

Pali chinthu chimodzi chomwe mahedifoni abwino amachitiradi khutu. Munthu amakweza voliyumu pofuna kugonjetsa phokoso lomuzungulira: injini ya basi, makina oziziritsa mpweya omwe ku Doha salekeza m'miyezi yotentha, kapena anzake a m'chipinda chimodzi. Phokosolo likatsekedwa, dzanja silithamangiranso kukweza.

Njira yoyamba yotsekera phokoso ndi yotchipa: timphira ta kumapeto kwa hedifoni tokwana bwino m'khutu, kapena mahedifoni ovindikira khutu lonse. Yachiwiri ndi yomwe pa bokosi amalemba kuti ANC. Timaikolofoni timamva phokoso lakunja, kenaka hedifoni imatulutsa mawu otsutsana nalo, ndipo ziwirizo zikakumana zimafafanizana. Amar Bose, yemwe anayambitsa kampani ya Bose, anayamba kuganizira za njirayi mu 1978 atavutika ndi phokoso la m'ndege. Imagwira bwino pa phokoso lakuya losasinthasintha, monga la ndege ndi sitima, koma imalephera pa mawu a anthu ndi phokoso ladzidzidzi. Pa luso la ANC ndi pomwe Bose, Sony ndi Apple amaposa anzawo ambiri, ngakhale lero makampani ena amaika ANC yothandiza m'mahedifoni a mtengo wapakati.

Ogwira ntchito zomangamanga ndi m'mafakitale asapusitsidwe. ANC si chodzitetezera pantchito. Pomwe phokoso limafika madesibelo 85 kwa maola asanu ndi atatu, pamafunika zotsekera m'makutu zopangidwira ntchitoyo. Kuika nyimbo pamwamba pa phokoso la makina kumangosenzetsa khutu katundu wachiwiri, komanso kumabisa kulira kwa galimoto yobwerera m'mbuyo kapena kufuula kwa mnzako wokuchenjeza.

Zinanso zomwe mtengo ungagule ndi maikolofoni yomveka bwino poimba foni, chitsimikizo chokonzetsera chikawonongeka, ndi luso lina la zaumoyo. Mu Seputembala 2024, bungwe loona za chakudya ndi mankhwala la FDA la ku America linavomereza kuti AirPods Pro 2 azigwira ntchito ngati chothandizira kumva kwa akuluakulu omwe vuto lawo silinafike poipa. Koma amene akungofuna nyimbo ndi kulankhula ndi abale safunika kulipirira zimenezi.

Batire, kutentha ndi zachinyengo

Mahedifoni opanda waya ali ndi timabatire tomwe mphamvu yake imachepa pakapita zaka zochepa, ndipo kutentha kumafulumizitsa kuthako. Ku Doha, komwe m'chilimwe kumatentha kupyola madigiri 40, kusiya mahedifoni m'galimoto yoimikidwa padzuwa n'kuwadula moyo. Pa mitundu yambiri batire imamatidwa m'kati moti siisinthika. Akatswiri okonza zipangizo a iFixit anapatsa mitundu ingapo ya AirPods 0 pa 10 pa nkhani ya kukonzeka. Hedifoni wamba ya waya ilibe batire, ndipo ikasamalidwa imatha zaka.

Dzina likatchuka, achinyengo nawonso amalitengera. Pali mahedifoni ofanana ndi enieni bokosi ndi zilembo zomwe, koma m'kati mulibe luso lolembedwa pa bokosilo. Mtengo ukatsika modabwitsa, wogula akayikire. Ku Qatar, lamulo loteteza ogula la nambala 8 la 2008 limaletsa kugulitsa katundu wachinyengo, ndipo madandaulo amapita ku unduna wa za malonda ndi mafakitale. Risiti ndi umboni, choncho isatayidwe.

Zoyenera kuchita

Wogula ayambe wayesa hedifoni ndi nyimbo yomwe amaidziwa bwino, pa voliyumu yotsika. Ikamveka bwino pamenepo, ikukwana m'khutu popanda kupweteka, ndipo ikutseka phokoso lakunja, yakwanitsa zofunika kwambiri. WHO imalangiza kuti voliyumu isapyole 60 pa 100 alionse, komanso kuti makutu azipuma pafupipafupi. Mafoni a iPhone ndi ambiri a Android ali ndi poikira malire a voliyumu, ndipo izi n'zaulere. Timphira tizipukutidwa, chifukwa thukuta ndi phula la m'khutu zimasunga tizilombo toyambitsa zilonda. Kubwerekana mahedifoni olowa m'khutu n'kosayenera.

Amene akumva kulira m'makutu, kapena amangoti "mwati chiyani?" pocheza, akayezetse msanga. Ku Qatar, zipatala za Hamad Medical Corporation zili ndi gawo loyeza makutu. Obwera kutchuthi ku Malawi angapite ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kapena ku ABC Hearing Clinic ku Lilongwe. Kuyezako sikupweteka ndipo sikutenga nthawi yaitali.

Yemwe amakhala m'ndege, m'basi kapena m'chipinda chaphokoso maola ambiri akhoza kupindula ndi ANC yabwino, ngati thumba likulola. Kwa ena onse, hedifoni ya mtengo wapakati yokwana bwino m'khutu ndi yokwanira, ndipo ndalama zotsalazo zikhoza kupita kumudzi. Odula kapena otchipa, onse amagonthetsa chimodzimodzi akaimbidwa pa madesibelo 100.