MONITA YA KOMPYUTA: KODI YA MTENGO WAPATALI NDIYO YOYENERA KUGULA?

Wolemba Mtolankhani Wathu

MUNTHU wogwira nchito ya ukalaliki, yosindikiza mabuku kapena yojambula mapulani a nyumba amatha maora 8 pa tsiku maso ali pa galasi la kompyuta. Galasi limeneli, limene amalonda amalicha monita, kawirikawiri limagulidwa pomalizira ndi tindalama totsala, zambiri zitathera pa kompyuta yeniyeniyo. Komatu kompyuta imakalamba m'zaka zowerengeka, pamene monita yabwino ikhoza kutumikira makompyuta awiri kapena atatu motsatizana. Wosankha molakwa adzakhala nako kulakwako nthawi yaitali, ndipo maso ace ndiwo adzalipira.

Poyamba tiyenera kumvetsa cimene amalonda amatanthauza akamati 4K kapena 5K. Cithunzi ciri conse pa monita cimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono tochedwa mapikiselo. Monita wamba ya m'maofesi iri ndi timadontho 1,920 m'mimba mwace ndi 1,080 kucokera pamwamba kufika pansi, kutanthauza timadontho toposa pang'ono 2 miliyoni. Ya 4K iri ndi 3,840 kwa 2,160, ndiwo timadontho pafupifupi 8.3 miliyoni. Ya 5K iri ndi 5,120 kwa 2,880, ndiwo toposa 14.7 miliyoni.

Nambala zimenezi pazokha sizinena zonse. Cofunika ndi kuthithikana kwa timadonthoto. Pa monita ya mainchesi 27, ya wamba ija imaika timadontho 82 pa inchi imodzi, ya 4K imaika 163, ndipo ya 5K imaika 218. Apa ndipo pagona kusiyana kumene maso amaona: pa 82 zilembo zimaoneka za manomano m'mbali, pa 163 zimayandikira zilembo za m'buku losindikizidwa. Kucoka pa 82 kufika pa 163 aliyense amazindikira nthawi yomweyo. Kucoka pa 163 kufika pa 218 kusiyana kulipo, koma ambiri amayamba ayandikiza nkhope kuti akuone.

Si kale pamene zinthu zotere zinali za mabungwe olemera okha. M'caka ca 2001 kampani ya IBM inatulutsa monita yochedwa T220, ya mainchesi 22 ndi timadontho 3,840 kwa 2,400, pa mtengo woposa madola 17,000 a ku America. Lero timadontho tocuruka cimodzimodzi timapezeka pa madola mazana owerengeka.

Tiyeni tsono tiyerekeze mamonita odziwika a mainchesi 27. Mitengo imene tichule ndi ija imene anatulukira nayo ku America. Pofika m'masitolo a kuno pamaonjezeka msonkho ndi mtengo wa mayendedwe.

Yoyamba ndi Studio Display ya kampani ya Apple, imene inatuluka m'caka ca 2022 pa madola 1,599. Iyi ndi ya 5K, yowala kwambiri, ndipo thupi lace ndi la aluminiyamu ndi galasi. Kunena za kulimba ndi kukongola kwa kapangidwe, palibe inzace m'gulu lino. Mkati mwace muli kamera, zokuzira mau 6 ndi maikolofoni, cotero munthu wocita misonkhano ya pa intaneti safuna kugulanso cina. Koma wogula ayenera kudziwa zimene salandira. Mwendo umene monitayi inabwera nawo pa mtengo umenewo umangoweramira kutsogolo ndi kumbuyo. Wofuna mwendo wokwera ndi kutsika anayenera kuonjezera madola 400. Ndalama imeneyo payokha ikhoza kugula monita ina yathunthu ya 4K. Iribe polowera nthambo ya HDMI, ndipo kompyuta imalumikizidwa pa khomo limodzi lokha la Thunderbolt. Nthambo ya magetsi sinapangidwe kuti mwini wace aziizula yekha. Ndiponso pa kompyuta ya Windows zina mwa zabwino zace sizigwira nchito mokwanira.

Yaciwiri ndi UltraSharp U2723QE ya kampani ya Dell, ya caka comweco ca 2022. Iyi ndi ya 4K, ndipo mtengo wace sunafike theka la wa Apple. Thupi lace ndi la pulasitiki, iribe kamera ndipo iribe zokuzira mau. Woiona pa shelefu sangaicite kaso. Koma kuseri kwace ndiko kuli cuma cace. Kuli makomo a HDMI, DisplayPort ndi USB-C, kulinso polowera nthambo ya intaneti ya mu ofesi. Nthambo imodzi ya USB-C imanyamula cithunzi, intaneti ndi magetsi ofika mawati 90 ochajira laputopu. Makompyuta awiri akhoza kulumikizidwa pamodzi, nagwiritsa nchito kiyibodi imodzi ndi mausi imodzi mosinthana. Mwendo wace umakwera ndi kutsika, umatembenuka, ndipo galasi lonse likhoza kuimirira cotalika monga pepala la kalata. Mlembi amene amawerenga zikalata zazitali tsiku lonse adzayamikira cimeneci koposa aluminiyamu. Galasi lace ndi la mtundu wochedwa IPS Black, umene kusiyana kwa kuwala ndi mdima kumafika 2,000 kwa 1, kawiri kuposa magalasi a IPS a masiku onse. Cakuda cimaoneka cakudadi osati cotuwa.

Pakati pa ziwirizi pabwera ena. M'caka ca 2023 Samsung inatulutsa ViewFinity S9 ya 5K pa mtengo wofanana ndi wa Apple, koma mwendo wokwera ndi kutsika uli kale m'bokosi. Kumapeto kwa 2024 ASUS inatulutsa ProArt PA27JCV, ya 5K, pa madola 799, iri ndi HDMI yomwe. Thupi ndi la pulasitiki, koma timadontho ndi tomweto 218 pa inchi. Imeneyi ndiyo inaonetsa poyera kuti gawo lalikuru la mtengo wa Apple ndi la thupi, zokuzira mau ndi dzina, osati la timadontho.

Nanga ndani afunikiradi 5K? Yankho liri pa mtundu wa kompyuta. Makompyuta a Mac amakuza zilembo bwino koposa pozicurukitsa kawiri ndendende, ndipo 5,120 kwa 2,880 ndi kawiri ndendende ka 2,560 kwa 1,440, muyeso umene umakhala bwino pa mainchesi 27. Pa monita ya 4K, Mac imayenera kuwerengera zapakati, ndipo zilembo zimafewa pang'ono m'mbali. Windows imakuza zilembo mwa njira ina, ndipo pa 4K zimaoneka zakuthwa. M'kuona kwa mtolankhani uno, ofesi ya makompyuta a Windows yogula 5K ikutaya ndalama zimene zikadagula mpando wabwino. Wojambula zithunzi wa Mac ali ndi cifukwa comveka.

Dzina lalikuru silitsimikizira kuti cinthu ciribe cirema. LG UltraFine 5K, imene inatuluka kumapeto kwa 2016 ndipo inkagulitsidwa m'masitolo a Apple, inapezeka kuti imaphethira ndi kuzima ikakhala pafupi ndi kabokosi ka Wi-Fi, pa mtunda wosaposa mamita 2. Kuciyambi kwa 2017 kampaniyo inabvomera bvutolo niyamba kuika zochingira mkati. Amene anathamangira kugula ndiwo anabvutika.

Pali msampha wina umene umakola anthu ambiri, ndipo suli mu monita koma mu kompyuta. Khomo lakale la HDMI 1.4 limatumiza 4K mwa zithunzi 30 zokha pa sekondi imodzi, m'malo mwa 60. Cotsatira cace kamubvi ka mausi kamayenda modumphadumpha, ndipo wogula amaganiza kuti wamgulitsa cinthu cakufa. Pamafunika HDMI 2.0, DisplayPort 1.2 kapena zoposerapo. Si khomo liri lonse la USB-C limene limatulutsa cithunzi. Ena amangochaja ndi kunyamula mafailo. Musanapite kusitolo lembani dzina ndi nambala ya kompyuta yanu, muonetse wogulitsa.

Za mamonita a OLED, amene akucuruka tsopano, tingonena mwacidule. Mitundu yace ndi yokongola ndipo cakuda ndi cakuda bii, koma cinthu cimene cimakhala malo amodzi maora ambiri tsiku ndi tsiku cikhoza kusiya cipsera pa galasi. Nchito ya mu ofesi ndi yotero kumene.

Kuno kwathu pali nkhani ya magetsi. Cilala ca 2024 citacepetsa madzi a ku Kariba, magetsi ankazima maora ambiri pa tsiku, ndipo maofesi ambiri anadalira majenereta ndi mabatire. Nthawi yoopsa kwa zipangizo ndi pamene magetsi abwerera mwamphamvu. Monita ya mtengo wotere isalumikizidwe kukhoma popanda cochinjiriza magetsi.

Cotsiriza ndi cikalata ca citsimikizo. Dell imapereka zaka 3 pa mamonita a UltraSharp, ndipo imalonjeza kusinthanitsa monita ngakhale kadontho kamodzi kokha katakhala kowala kosazima. Apple imapereka caka cimodzi, pokhapokha mutalipira zoonjezera. Koma lonjezo lotere limagwira nchito kumene kuli woimira kampaniyo, ndipo katundu wobwera m'sutukesi kucokera ku Dubai kapena ku Johannesburg angafune kubwezedwa komweko. Funsani wogulitsa kuti adzakonza ndani ndipo kuti, ndipo yankho lilembedwe pa lisiti. Musanalipire pemphani kuti monita iyatsidwe m'sitolo momwemo, ionetse tsamba loyera lokhalokha, kenaka lakuda, lofiira, lobiriwira ndi labuluu. Kadontho kakufa kamabisala m'cithunzi ca maluwa cimene ogulitsa amakonda kuonetsa, koma pa tsamba la mtundu umodzi kamaonekera pomwepo.