Musamakwechese sipuni ya agogo ndi phulusa musanaiwerenge

M'midzi yozungulira minda ya tiyi ku Thyolo, kuyambira ku Bvumbwe mpaka ku Makwasa ndi Thekerani, sizachilendo kupeza m'sutikesi ya agogo muli kasipuni kakuda bii, mphete yopindika, kapena kapini kovala pachifuwa kokhala ndi kamwala kachikasu pakati. Mukafunsa, yankho limakhala lofanana: agogo aamuna anali khukhi wa bwana wa pa esiteti, kapena agogo aakazi ankalera ana a adona, ndipo anapatsidwa zinthuzo pomwe azunguwo ankabwerera kwawo.

Zinthu zoterezi zimathera njira ziwiri. Ena amazigulitsa pamtengo wa mbale ya usipa kwa anyamata ogula zitsulo zakutha. Ena amazibisa pansi pa bedi poganiza kuti agona pa mamiliyoni, mpaka abale kudana pogawa chuma cha masiye. Onsewa akadathandizika akadatembenuza chinthucho n'kuyang'ana kuseri kwake, chifukwa siliva wakale amanena yekha kwawo, zaka zake ndi amene anamusula.

Tiyi anayamba kulimidwa ku Thyolo m'zaka zoyambirira za m'ma 1900, atakhazikika kale ku Mulanje. Esiteti ya Satemwa anaiyambitsa ndi Maclean Kay wa ku Scotland mu 1923, pamene banja la Conforzi linachokera ku Italy. Mbiri imeneyi ndiyofunika chifukwa katundu wambiri wa m'nyumba za mabwana ankachokera ku maiko awiriwa, ndipo dziko lililonse lili ndi kadindidwe kake.

Ku Britain lamulo lodinda siliva linayamba mu 1300. Tizizindikiro take n'tating'ono ngati njere za mapira, tondandalikidwa pamzere kuseri kwa chigwiriro cha sipuni kapena m'kati mwa mphete. Ngati maso akukanika, jambulani ndi foni n'kukulitsa chithunzicho.

Choyamba kufuna ndi mkango woyenda, utakweza mwendo umodzi wakutsogolo. Umenewu ukutanthauza kuti pa magawo 1,000 a chitsulocho, 925 ndi siliva weniweni, ndipo otsalawo kawirikawiri ndi mkuwa wongolimbitsira. Pambali pa mkangowo pamakhala chizindikiro cha mzinda umene anayeza silivayo. Nangula ndi wa Birmingham, komwe ofesi yoyeza inatsegulidwa mu 1773 ndipo ndi komwe kunkasulidwa mphete ndi ndolo zambiri. Mutu wa nyalugwe ndi London. Chisoti chachifumu ndi Sheffield, koma kuyambira mu 1975 mzindawu umadinda duwa. Nyumba ya malinga yokhala ndi nsanja zitatu ndi Edinburgh, ngakhale kumeneko sankadinda mkango woyendawu.

Kenako pamabwera chilembo chimodzi chokha, monga a, k kapena T. Chimenechi ndi chaka. Ofesi iliyonse inkasintha chilembo chaka ndi chaka, ndipo zilembo zikatha inkayambiranso koma ndi kalembedwe kena komanso kabokosi ka mawonekedwe ena. Choncho k wa ku Birmingham si chaka chimodzi ndi k wa ku London, ndipo pamafunika kufananitsa ndi mndandanda wa mzinda womwewo, umene masiku ano ukupezeka pa intaneti. Pomaliza pali zilembo ziwiri kapena zitatu zoimira dzina la wosula kapena kampani yake. Apa ndi pamene mtengo umatha kudumpha, pakuti ogula zinthu zakale amalipira dzina kuposa kulemera kwa chitsulo.

Za ku Italy n'zosavuta kwenikweni. Nthawi zambiri pamalembedwa 800, kutanthauza siliva wocheperako pang'ono. Kuyambira mu 1968 amawonjezera kanyenyezi pambali pa nambala ya wosula ndi zilembo ziwiri za chigawo, monga MI ya Milano kapena AR ya Arezzo.

Tsono pali zilembo zinayi zimene zakhumudwitsa mabanja ambiri: EPNS. Chinthu cholembedwa chonchi ndi chitsulo wamba chosakaniza mkuwa, nikelo ndi zinki, chongokutidwa ndi kasiliva kopyapyala pamwamba. Matiipoti ambiri, mafoloko ndi mathireyi a m'nyumba za pa esiteti anali otere, ndipo opanga ake ankachenjera podinda tizizindikiro tofanana ndi ta boma. Ngati mkango palibe ndipo m'makona mwayamba kuoneka chikasu, dziwani kuti mwasunga chikumbutso chabe. Kunena zoona, tiipoti wa EPNS amene wamwetsa anthu tiyi zaka 80 ndi wofunika kumusunga, koma sangalipirire mwana fizi.

Maginito amathandiza pang'ono. Siliva sakakamira ku maginito, ndiye chikakakamira nkhani yatha. Koma mkuwa nawo sukakamira, choncho kusakakamira si umboni. Komanso ndolo ndi tizinthu tina topepuka kwambiri nthawi zina sitidindidwa ngakhale tili ta siliva weniweni.

Nanga kamwala kachikasu kaja? Azungu amati amber, ndipo si mwala ayi. Ndi utomoni wa mitengo umene unakwiririka pansi zaka mamiliyoni ambiri zapitazo n'kuuma gwa. Wambiri amachokera m'mphepete mwa nyanja ya Baltic, makamaka ku Kaliningrad m'dziko la Russia, ndipo mzinda wa Gdańsk ku Poland ndi wotchuka pomuika m'siliva. N'chifukwa chake mphete ya amber kawirikawiri sikhala ndi mkango. Ya ku Poland imakhala ndi kamutu ka mayi wovala duku, pamene ya m'nthawi ya Soviet Union imalembedwa 875 pamodzi ndi nyenyezi yokhala ndi hamala ndi chikwakwa. Zoterezi sizikhala za m'nthawi ya atsamunda nthawi zonse, zina zimabwera m'matumba a majekete a pa kaunjika.

Amber weniweni ndi wopepuka, ndipo mukamugunditsa patsaya sazizira ngati galasi. Mukamukhuta pa juzi ya ubweya amakoka tizidutswa ta pepala. Agiriki akale anaona zimenezi ndipo ankamutcha elektron, komwe kunachokera dzina la Chingerezi la magetsi. Ngati ndi mkanda wopanda chitsulo, thirani mchere m'kapu ya madzi mpaka usiye kusungunuka, kenako ponyanimo. Amber amayandama, galasi ndi mapulasitiki ambiri amamira. Wa pamphete sangayesedwe chonchi poti siliva amamukokera pansi.

Chosokoneza kwambiri ndi m'bale wake wotchedwa copal, amene ndi wa kuno kwathu ku Africa. Ameneyu ndi utomoni wa posachedwapa, wa zaka mazana kapena masauzande chabe, wochokera m'mitengo ya m'mphepete mwa nyanja ku Tanzania, Mozambique ndi Madagascar. M'zaka za m'ma 1800 amalonda a ku Zanzibar ankamutumiza wambiri ku Ulaya ndi America kukapangira vanishi. Copal naye amayandama, naye amakoka pepala, ndipo nthawi zina amakhala ndi kachirombo m'kati monga amber. Kusiyana kwake n'kwakuti kadontho ka sipiriti pamalo obisika kamamuchititsa kumata ngati ulimbo, pamene amber sasintha msanga. Ena amabaya ndi singano yamoto kuti amve fungo la paini, koma kabowo kotsalako sikafafanizika ndipo kamagwetsa mtengo.

Adani aakulu a zinthuzi si akuba, ndi ukhondo wathu womwe. Mayi wa ku Thyolo akaona chitsulo chada amathamangira phulusa, mchenga kapena sitiliwulu, monga amachitira ndi mapoto. Siliva ndi wofewa, ndipo kukwecha kwa zaka zingapo kumafufuta mkango, chilembo cha chaka ndi dzina la wosula, n'kutsala chitsulo chongogulitsa pa sikelo. Kuda kwa siliva si dzimbiri, kumabwera ndi mpweya ndipo kumakhala pamwamba pokha. Madzi ofunda, sopo pang'ono ndi kansalu kofewa n'zokwanira. Amber ndiye safuna perefyumu, sipiriti kapena kusiyidwa padzuwa.

Musanapite nacho kwa wogula aliyense ku Limbe kapena ku Blantyre, jambulani zizindikiro zonse, chiyezeni pa sikelo ya magalamu, ndipo funsani mtengo kwa anthu osachepera awiri. Wogula akayamba kuchotsa kamwalako ndi mpeni kuti ayeze chitsulo chokha, mulandeni, chifukwa amber wakale amathetheka mosavuta ndipo sabwereranso pamalo pake.